Mwayi wa kafukufuku umene wabisala mu ndere

Ndere zimene zimabiriwiritsa madzi a pachithaphwi ndi tizamoyo ting'onoting'ono, ndipo tambiri mwa ito ndi ta selo imodzi yokha. Kamodzi mwa tizamoyoti, kotchedwa Chlamydomonas reinhardtii, kakhala kakuwetedwa m'malabotale kwa zaka pafupifupi 80. Mtundu wake umene ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito unatengedwa m'dothi la munda wa mbatatesi pafupi ndi Amherst, m'chigawo cha Massachusetts ku America, m'chaka cha 1945.

Pa maikulosikopu kamaoneka kobulungira ndi kobiriwira. Timaselo 100 titandandalikidwa pamzere m'pamene timakwana milimita imodzi. Kutsogolo kwake kuli timichira tiwiri topalasira m'madzi, ndipo cham'mbali kuli kadontho kofiirira komwe kamazindikira kumene kuwala kukuchokera. Kamaswana msanga m'botolo lamadzi othiramo michere, sikalira ndalama zambiri, ndipo DNA yake yonse inawerengedwa n'kufalitsidwa mu 2007.

Chimene chakopa ofufuza kwambiri masiku ano ndi momwe kandereka kamapangira chakudya. Chomera chilichonse chimagwira mpweya wa carbon dioxide n'kuusandutsa shuga mothandizidwa ndi dzuwa, ndipo ntchito yogwira mpweyayo imachitidwa ndi puloteni yotchedwa Rubisco. Puloteniyi ndi yochedwa, komanso nthawi zina imagwira okosijeni m'malo mwa carbon dioxide. Ikalakwitsa chonchi, chomera chimataya mphamvu pokonza zolakwikazo, ndipo vutoli limakula kukatentha. Ndere zinapeza njira yozembera vutoli. Zimaunjika Rubisco pamalo amodzi m'kati mwa selo, m'kachigawo kotchedwa pyrenoid, n'kumapoperamo carbon dioxide wochuluka kotero kuti okosijeni amasowa mpata. Akatswiri amayerekeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a carbon dioxide yense amene zomera za padziko lapansi zimagwira limadzera m'tizigawo timeneti.

Mu 2016 Luke Mackinder ndi anzake m'gulu la Martin Jonikas anaonetsa kuti puloteni ina, EPYC1, ndiyo imalumikiza ma Rubisco kuti akhale pamodzi. Chaka chotsatira kunadziwika kuti pyrenoid si chibuluma cholimba monga ambiri ankaganizira, koma imachita ngati dontho la mafuta m'madzi: zam'kati mwake zimayendayenda, ndipo imagawika selo ikamagawika. Mu 2020 gulu la Alistair McCormick ku yunivesite ya Edinburgh linakwanitsa kupanga kadontho kotere m'masamba a Arabidopsis, kachomera komwe asayansi amayeserapo zinthu.

Cholinga cha kafukufukuyu n'chomveka. Chimanga, mapira ndi nzimbe zili kale ndi njira yakeyake younjikira carbon dioxide, koma mpunga, tirigu, soya ndi chinangwa zilibe. Njira ya ndere itasamutsidwira m'mbewu zimenezi, zokolola zingathe kukwera. Mbewu yotere sinafike m'munda wa mlimi aliyense, chifukwa kadontho pakokha sikakwanira. Pakufunikanso mapuloteni opopa mpweya ndi chotchinga choti mpweyawo usathawe. Ntchito yotsalayi ndiyo ikufuna ofufuza atsopano.

Kandere komweka kathandizanso zachipatala. Mu 1993 ofufuza a ku Yale anapeza momwe zipangizo zimayendera m'kati mwa timichira take, ndipo izi zinathandiza kumvetsa matenda ena a impso ochititsa matuza. Puloteni ya m'kadontho kozindikira kuwala kaja, channelrhodopsin, inaikidwa m'maselo a ubongo mu 2005, ndipo zinatheka kuwadzutsa ndi kuwala chabe. Mu 2021 madokotala ku Paris analengeza kuti bambo wina wakhungu wayamba kuzindikira zinthu zoikidwa patebulo atalandira puloteni ya mtundu umenewu m'diso.

Magulu ofufuza za pyrenoid alipo ku York, Edinburgh ndi Princeton, ndipo nthawi ndi nthawi amalengeza malo a ophunzira a PhD ndi a ofufuza omwe anamaliza kale digiriyi. Ku Britain PhD imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo malo okhala ndi thandizo amalipira fizi ndi kupereka ndalama yodyera. Si a bayoloje okha amene amafunika: odziwa fizikisi, kemisitiri ndi mapulogalamu a kompyuta amafunidwanso. Kawirikawiri wofuna malo amayamba walembera mkulu wa labotale, kusonyeza kuti wawerenga zimene gululo lafalitsa ndipo wagwirapo ntchito ya m'labotale ndi manja ake. Kalata yongopempha thandizo popanda funso la kafukufuku siipita patali. Ophunzira a ku Malawi ndi Zambia angapemphe thandizo la PhD ku Commonwealth Scholarship Commission, pomwe bungwe la Beit Trust limathandiza ofuna digiri yachiwiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe.

Funso la kafukufuku silisowa kulifuna kutali. M'nyanja ya Malawi mbuna zimapala ndere pamiyala, ndipo tizilombo ta m'madzi timene usipa umadya timadalira ndere zoyandama. Wophunzira amene waphunzira kutunga madzi amenewa, kulekanitsa mitundu ya ndere ndi kuiweta m'botolo ali ndi luso limene malabotale a kunja amafuna, ndipo ayenera kulitchula poyambirira m'kalata yake yofunsira malo.