Moto uli pansi pa mapazi athu

Mukaima pa Kasinje n'kuyang'ana kuzambwe, mapiri akwera mwadzidzidzi ngati khoma. Pamenepo padutsa mng'alu waukulu wa nthaka wotchedwa Bilila-Mtakataka, wautali makilomita oposa 100. Ambiri timangouganizira pa nkhani ya zivomerezi, koma ine ndimauonanso ndi diso la magetsi.

Madzi a mvula amalowa m'ming'alu yotere, natsika mpaka ku miyala yotentha ya pansi penipeni, kenako n'kubwerera kumtunda akutulutsa nthunzi. Ndiwo akasupe otentha a ku Chiweta ku Rumphi, a ku Mawira ku Nkhotakota ndi ena ku Karonga, komwe anthu amasamba ndi kuchapa osakoleza moto. Mukaboola chitsime chakuya kilomita imodzi kapena makilomita awiri pamalo oyenera, nthunziyo imatuluka mwamphamvu n'kuzunguza makina opanga magetsi. Madziwo mumawabwezera pansi kuti akatenthenso.

A ku Kenya adayamba zimenezi ku Olkaria mu 1981, m'chigwa cha ming'alu yonga yathuyi. Ife tikudalirabe mtsinje wa Shire popanga magetsi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, tidataya pafupifupi mamegawati 130, mdima n'kutipeza. Sola ya pa Golomoti ikuthandiza ndithu, koma dzuwa limalowa, pomwe kutentha kwa pansi kulibe usiku kapena chilala.

Vuto ndi ndalama. Chitsime chimodzi choyesera chimadya madola mamiliyoni angapo, ndipo chikhoza kupezeka chopanda nthunzi yokwanira. Komabe, boma liboole, kuyambira ku Chiweta.