Kodi mumadziwa? Ukatswiri wa cricket umaonekera koyenda

Pa masewero a Test, Sachin Tendulkar wa ku India anafikitsa ma run 100 ka 51, ndipo ka 29 anachita zimenezi kunja kwa dziko lake. Nambala yachiwiriyi ndiye yofunika kwambiri, chifukwa mu cricket nthaka ya bwalo imasintha masewero onse. Ku India nthaka ndi youma ndipo mpira umapotoloka ukagunda pansi, ku Perth, m'dziko la Australia, umanjanja kufika pachifuwa, pomwe ku England kukachita mitambo umakhota uli m'malere. Wokulira pa nthaka imodzi amayambiranso kuphunzira akafika pa ina. N'chifukwa chake poyerekeza akatswiri tiyenera kuyamba ndi zimene anachita koyenda. Ngakhale Muttiah Muralitharan wa ku Sri Lanka, amene anatulutsa omenya ka 800, kuposa wina aliyense, ku Australia anangotulutsako 12 m'masewero asanu.

Ena amati muyeso umenewu ukhoza kumuchotsera ulemu Don Bradman wa ku Australia, poti masewero ake onse 52 anachitikira ku Australia ndi ku England kokha, osasewerako ku India. Mfundoyi ndi yomveka, koma munthu sangaweruzidwe ndi maulendo amene timu yake sinayende m'nthawi yake. Kumene anapitako anapambana zedi. Avareji yake yonse inali 99.94, koma ku England inaposa 100, kupitirira ya kwawo, ndipo ankamenya opanda chisoti choteteza mutu, pa nthaka yosaphimbidwa imene mvula ikagwa inkasanduka yoopsa kwa womenya.