Mkuwa ukalowa mumtsinje, tiana ta nsomba timasiya kumva fungo

Pa 18 February 2025 damu losungira zinyalala za mgodi wa mkuwa la kampani ya Sino-Metals linagumuka ku Chambishi m'dziko la Zambia. Malipoti oyamba anati malita 50 miliyoni a madzi a asidi anathamangira mumtsinje wa Mwambashi mpaka kukafika mu Kafue. Nsomba zinayandama mimba ili m'mwamba, ndipo mipopi ya mumzinda wa Kitwe inatsekedwa. Kumbukirani kuti Kafue yemweyu ndi amene amamwetsanso Lusaka.

Imeneyo ndi imfa yoonekera. Pali ina yakachetechete.

Akatswiri a ku America, m'chigawo cha Washington, anapeza kuti mkuwa wochepa zedi, wosasintha n'komwe mtundu wa madzi, umagonthetsa mphuno za tiana ta nsomba ya salmon. Nsomba ikalumidwa, khungu lake limatulutsa fungo lochenjeza zinzake, ndipo izo zimangoti zii kuti mdani asazione. Kamwana komwe kasambira mumkuwa sikamva chenjezoli. Kamapitiriza kuyendayenda ngati kali pakhomo pa make, basi n'kumezedwa. Kafukufuku wina anasonyezanso kuti mkuwa umafooketsa chitetezo cha m'thupi, moti tizilombo ta Vibrio timapha nsomba zotere mosavuta.

Chodabwitsa n'choti kumeneko mkuwawo sunkachokera kumgodi ayi, koma ku fumbi la mabuleki a galimoto lomwe mvula imakokolola pamsewu. N'chifukwa chake mu 2010 zigawo za Washington ndi California zinakhazikitsa malamulo ochepetsa mkuwa m'mabuleki.

Mwina mukuti, nanga ife a ku Kawale, Biwi kapena Chinsapo zikutikhudza pati, poti salmon kuno kulibe?

Tili ndi mpasa, womwe azungu amautcha salmon ya m'nyanja ngakhale si pachibale. Nawo umachoka m'nyanja ya Malawi n'kukwera mitsinje ngati Bua ndi Linthipe kukaswa, ndipo tiana take timakulira momwemo. Mpasa wachepa kale chifukwa cha usodzi wosasamala ndi matope okokoloka m'minda.

Tsono mtsinje wa Lilongwe umakathira mu Linthipe. Fumbi la mabuleki a maminibasi, phulusa la mawaya owotchedwa pofuna mkuwa wogulitsa, zotsalira za mankhwala a mkuwa opopera tomato m'madimba, mvula yoyamba ikagwa njira yake ndi yomweyo, kutsikira ku Salima.