Kodi mumadziwa? Khansa ya m'mawere ndi mtunda wochoka ku Mchinji

Kodi mumadziwa kuti chotupa cha khansa ya m'mawere nthawi zambiri sichipweteka poyamba? Apa mpamene pagona vuto. Ife tinazolowera kuti matenda ndi ululu, ndiye mayi wa ku Mkanda akamva kambulu kouma m'bere amati "poti sikakuwawa, tiona tikamaliza kugalauza." Mayi woyamwitsa amati ndi mkaka wagwirana. Nthawi zina zimakhaladi choncho, ndipo zotupa zambiri za m'bere si khansa. Koma chala sichingasiyanitse. Amasiyanitsa ndi a chipatala, potenga kanyama pang'ono pa chotupacho n'kukayeza.

Kodi mumadziwa kuti Okutobala anasankhidwa kukhala mwezi wozindikiritsa anthu za matendawa mu 1985 ku America? Kariboni ka pinki kanabwera pambuyo, kanatchuka mu 1992 kudzera m'magazini ya Self ndi kampani ya zodzoladzola ya Estée Lauder. Osankhawo sankadziwa kuti kwathu kuno Okutobala ndi mwezi wa dzuwa lowawula, pamene ndalama iliyonse m'nyumba yalunjika ku feteleza ndi mbewu. Kuuza mayi kuti akwere minibasi kukayezetsa mwezi umenewu n'kumupempha chinthu chachikulu.

Nanga mumadziwa kuti amene anayambitsa bungwe la Think Pink Malawi anali Miss Malawi wa 2002? Blandina Khondowe anadwala yekha khansayi, anakalandira thandizo ku India, ndipo atabwerako sanabise. Ankayankhula poyera za matenda omwe ambiri amanong'onezana, n'kumatsogolera maulendo a ndawala mu Lilongwe. Anamwalira mu Novembala 2020.

Ziwerengero za bungwe la WHO: mu 2022 amayi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo anthu pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Pafupifupi theka la odwalawo analibe chiopsezo china chodziwika kupatula kukhala mkazi ndi kukula msinkhu. Choncho mawu oti "kumtundu kwathu kulibe zimenezi" sateteza munthu.

Abambo nawonso imawagwira, ngakhale mwa apo ndi apo: pafupifupi mmodzi pa odwala 100 alionse.

Kodi mumadziwa kuti kusunga ndalama kapena foni m'kamisolo sikuyambitsa khansa? Palibe umboni wotero. Amayi ogulitsa mtedza pa Kamwendo asungebe ndalama zawo pamene amasunga. Chimene chili ndi umboni ndi mowa, kunenepa kwambiri ndi fodya, zomwe zimakweza chiopsezo, pomwe kuyamwitsa kumachitsitsako pang'ono. Khansayi sipatsirananso, ndipo mwamuna wosamuka kuchipinda chifukwa mkazi wake wadwala alibe chifukwa chomveka.

Zoyenera kuyang'ana si chotupa chokha. Nsonga ya bere ikalowa m'kati, ikamatuluka magazi kapena madzi achilendo, khungu likakhakhala ngati khoko la lalanje, kapena mwanabere wa m'khwapa akapanda kuphwa, musadikire Okutobala.

Tsopano za mtunda. Boma la Mchinji linali ndi anthu oposa 600,000 pa kalembera wa 2018. Munthu angayambire kuchipatala cha ku Kochilira, ku Kapiri, ku Ludzi, ku Guillime kapena pachipatala chachikulu cha paboma, koma akamukayikira khansa njira imaloza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12. Ndipo si ulendo umodzi: kukayezetsa, kukamva zotsatira, opaleshoni, kenaka mankhwala a m'diripi obwerezabwereza, ulendo uliwonse ndi womudikirira wake. WHO, m'ndondomeko yomwe inakhazikitsa mu 2021, imati munthu adziwe zotsatira pasanathe masiku 60 kuchokera pamene waonekera koyamba kuchipatala. Ine ndimaona kuti uthenga wozindikiritsa womwe sunena kuti munthu apite kuti, tsiku liti, ndi ndalama zingati za mayendedwe, wangomuopseza chabe. Malaya a pinki mumzinda ndi abwino, koma mayi wa kwa Mavwere amamva msanga za pa wailesi ya Mudzi Wathu, kwa mlangizi wa zaumoyo, kusikelo ya ana ndi kumvano.

Kodi mumadziwa kuti kwa zaka zambiri Malawi analibe makina owotchera khansa ndi cheza? Zambia inatsegula Cancer Diseases Hospital ku Lusaka mu 2007, ndipo Amalawi ofuna thandizo limeneli ankatumizidwa kunja, ena kudutsa pa malire a Mwami pompano, ena ku Tanzania ndi India. Zinasintha posachedwa: Blantyre International Cancer Centre, chipatala choti si cha boma, chinatsegulidwa mu 2024, ndipo National Cancer Centre ya boma ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2025. Kwa wodwala wa ku Mchinji, ulendo umene unkafuna pasipoti tsopano ndi wa maola awiri pa minibasi.