MAU AKASASA MUSANGOTI NDI CIMFINE

Inu alimi a ku Phalombe, kodi mudziwa cimene ciyendetsa mau anu poitana ana kumunda? M'kholingo muli timinofu tiwiri timene tinjenjemera mpweya ukamaturuka. Timinofuti tilamulidwa ndi mitsempha yoyera yonga ulusi, yocokera ku bongo, yosanyamula mwazi ai.

Cozizwitsa ndi ici: mtsempha wa kumanzere sulunjika pakholingo. Uyamba watsikira m'cifuwa, nuzungulira mtsempha waukuru wa mwazi pafupi ndi mtima, nukweranso m'khosi, kupyola kumbuyo kwa cithokomiro. Ulendo wozungulira ndithu! Cifukwa cace nthenda ya kutali ikhoza kuupsinja: cifuwa cacikuru, cotupa ca m'mapapo kapena ca kum'mero, ngakhale mtima wotupa. Pamenepo kamnofu kamodzi kaleka kugwedezeka, mau asasa, ndipo munthu atsamwa pomwa madzi.

Mau osasa ndi cimfine kapena kuimba pamaliro abwerera okha m'masiku owerengeka. Koma akapitirira masabata 3, makamaka kwa wosuta fodya, pitani ku Holy Family kapena ku cipatala ca Boma pa Migowi. Kukafunika adzakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene madotolo aunika m'kholingo mwenimwenimo.