Mizu ya Mitengo ndi Mankhwala Ophera Udzu m'Minda ya ku Mbombwe

Mbombwe, malo aja a m'boma la Chiradzulu pamene John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission m'chaka cha 1900, ndi dera la anthu ochuluka pa nthaka yochepa, kotero kuti munda umodzi womwewo uyenera kubereka chimanga, nandolo, maungu ndi nyemba chaka ndi chaka osapumula konse. Tsono popeza ganyu wakwera mtengo, ndipo manja a mwini munda sakwanira kupalira pa nthawi yake, ena atembenukira ku mankhwala ophera udzu monga Roundup, Harness ndi Bullet, amene anafala m'dziko muno pamodzi ndi ulimi wa mleranthaka. Nkhawa imene yabuka tsopano, makamaka pakati pa amayi amene aona nandolo akufota m'mizere momwe chimanga chikukondwa, kapena bonongwe ndi chisoso zitasowa pamene ankathyola ndiwo, ndi yakuti kodi nthaka imene yamwa mankhwala otere ingachirenso.

Pali mawu amene akuyenda m'misika ndi pamijigo, akuti munda ukangopoperedwa kamodzi wafa kufikira nthawi za nthawi, ndi kuti ngakhale adzukulu sadzakololapo kanthu. Mawu amenewa ndi bodza, ndipo kuipa kwake n'kwakuti amatangwanitsa anthu ndi mantha opanda pake, nawaiwalitsa choopsa chenicheni. Glyphosate, amene ali mu Roundup, akagwera pansi amakanirira ku dothi, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timamuphwanya m'masabata kapena m'miyezi yowerengeka. Woyenera kuchenjera naye ndiye munthu wopoperayo, pakuti m'chaka cha 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inamuika m'gulu la zinthu zimene zikuganiziridwa kuti zingayambitse nthendayi. Amene ali ndi mlandu waukulu pa nthaka ndi madzi ndiye atrazine, wopezeka mu Bullet, amene anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1958. Iyeyu sagwira dothi zolimba, koma amatsata madzi a mvula kulikonse kumene apita, kutsikira m'madambo, m'mitsinje ndi m'zitsime. Ndipo n'chifukwa cha kupezekapezeka kwake m'madzi a pansi pa nthaka kuti mayiko a European Union anamuletsa m'chaka cha 2004.

Nanga bwanji chimanga chimapulumuka pamene nandolo akufa? Apa mpamene pagona nkhani yonse, ndipo ndipempha owerenga adekhe nane. Atrazine amalowa m'chomera kudzera ku mizu, nakwera pamodzi ndi madzi kufikira kumasamba, ndipo kumeneko amatseka njira imene tsamba limasandutsira kuwala kwa dzuwa kukhala chakudya, kotero kuti chomeracho chimachita chikasu, chimapserera m'mphepete mwa masamba, n'kufa. Koma chimanga chinalengedwa ndi mphamvu yogwira mankhwalawo m'kati mwa thupi lake, n'kuwasintha kukhala chinthu china chopanda ululu asanafike pochita choipa. Nandolo, nyemba, soya ndi maungu mphamvu yotereyi alibe yokwanira. Chotero nandolo akafota, si nthaka imene yafa ayi. Ndi otsalira a mankhwala amene akali m'dothi, amene amatha miyezi ingapo, ndipo amachedwa koposa kutha pamene dothi lili louma ndi losowa manyowa.

Akatswiri ataona kuti zomera zina zimatha kugonjetsa ululuwu, anadzifunsa ngati mitengo, imene mizu yake imazama kuposa ya mbewu iliyonse, singagwire ntchito yomweyo pa malo aakulu. Ku Iowa, dera la ku America lolima chimanga chambiri ndi lopopera atrazine wambiri, ofufuza a pa University of Iowa anabzala mizere ya mitengo ya poplar pakati pa minda ndi mitsinje, ndipo m'chaka cha 1997 Joel Burken ndi Jerald Schnoor anaonetsa kuti mitengoyo imayamwadi atrazine, niimuphwanya m'mizu, m'thunthu ndi m'masamba kukhala zinthu zochepa ululu. Mtengo wokula msanga umakoka madzi ochuluka tsiku ndi tsiku, ndipo madzi amene akanatsetsereka ndi mankhwala kunka kumtsinje amatsirizira m'mizu yake.

Komatu chodabwitsa koposa, m'kuona kwanga, sichichitika m'kati mwa mtengo, koma m'kadothi kochepa kamene kakuta muzu uliwonse. Muzu wamoyo umatulutsa timadzi ta shuga ndi zakudya zina, ndipo timizu takale tikafa timawola pomwepo. Pa chifukwa ichi mabakiteriya amasonkhana pamenepo unyinji wosawerengeka, monga anthu amasonkhanira pakhomo pamene pafululidwa thobwa, ndipo pakati pa khamulo pali ena amene chakudya chawo ndi mankhwala omwewo amene ife tikuwaopa. M'chaka cha 1995, ku Minnesota, ofufuza anapeza mtundu wina wa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas m'dothi la pamalo pamene panatayikira mankhwala ophera udzu, umene umadya atrazine kuti upezemo nayitrojeni, n'kumuphwanyaphwanya kufikira atasanduka mpweya wa carbon dioxide ndi amoniya, yemwe ndi chakudya cha mbewu. Mtengo tsono umadyetsa tizilomboti, mizu yake imatsegula njira zolowera mpweya m'dothi, mthunzi ndi masamba ake ogwa zimasunga chinyezi, ndipo tizilomboto timatsiriza ntchito imene munthu ndi khasu lake sangaithe.

Poplar ndi mtengo wa kumayiko ozizira, ndipo palibe chifukwa choti mlimi wa ku Mbombwe aziulakalaka. Ku Brazil, kumene nyengo ikufanako ndi yathu, ayesa mitengo ya mtundu wa Inga, ndiponso kalongonda pa nthaka yopoperedwa mankhwala a m'minda ya nzimbe. Ndipo udzu wa vetiva, umene alangizi akhala akutilimbikitsa kubzala pa akalozera, unapezeka kuti nawonso umayamwa atrazine osafa. Mitengo imene tili nayo kale, monga msangu, jerejere ndi gliricidia, amene wakhala akuyesedwa pamodzi ndi chimanga ku Makoka, kufupi ndi Zomba, kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, inabwera chifukwa cha chonde. Koma masamba ndi mizu yake ndizo chakudya cha tizilombo tomwe tija, ndipo dothi la manyowa limagwira mankhwala kuti asathamangire kumadzi. Chokhacho n'chakuti mbande zanthete za mitengo imeneyi zimapsa ndi atrazine monga nandolo, choncho malo ake oyamba ndi m'malire a munda, m'mphepete mwa khwawa ndi kumtunda kwa dimba, kumene madzi ochokera m'munda amadutsa.

Ndamvanso ena akunena kuti bulugamu ndiye yankho, popeza amamwa madzi kwambiri. Koma munthu wobzala bulugamu pambali pa chitsime adzachotsa madziwo pamodzi ndi mankhwala ake. Ndipo asapezeke wonena kuti popeza mitengo imatsuka nthaka, tsono tipopere mmene tifunira. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ntchito ya mizu imatenga zaka, ndipo pamalo pamene patayikira botolo lathunthu, ngakhale mtengo womwewo ukhoza kufa.

Mankhwala oyenera kugulidwa ndi okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2000, osati ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro. Ndipo wofuna kubzala nandolo pakati pa chimanga ayambe wafunsa mlangizi ngati mankhwala ake muli atrazine. Koma pempho langa lalikulu lipite kwa mafumu ndi makomiti a m'midzi: letsani kutsukira mipope yopopera ndi mabotolo a mankhwala m'mitsinje ndi pazitsime, ndipo mvula ikubwerayi perekani m'mbali mwa makwawa kuti mubzalidwe mitengo ndi vetiva.