Manambala a pa Maloboti: Masekondi Otsiriza Ndiwo Oopsa

M'mizinda ngati Bangkok ku Thailand ndi Hanoi ku Vietnam, maloboti ambiri ali ndi manambala owerenga chobwerera m'mbuyo: 30, 29, 28, mpaka nyali itasintha. Dalaivala amadziwa masekondi amene adikire, mtima umakhala m'malo, ndipo nyali yobiriwira ikayaka magalimoto amanyamuka mosachedwa.

Vuto limabwera nyali yobiriwira ikamatha. Madalaivala ena akaona 3, 2, 1, m'malo moponda mabuleki amawonjezera liwiro kuti adutsiretu. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, utali wa maminibasi atatu atandondozana. Nawonso amene aima pa nyali yofiira amayamba kusuntha ziro isanakwane. Woyenda pansi amapezeka pakati pa awiriwa.

Ku Britain, akatswiri a misewu akamawerengera nthawi yowolokera amatenga kuti munthu amayenda mamita 1.2 pa sekondi. Koma mayi wa pakati pa miyezi 8, agogo a ndodo, kapena mayi wobereka mwana atasenzanso katundu sangafike liwiro limenelo.

Lipoti la WHO la 2023 linati ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse. Choncho amayi anzanga, kaya maloboti ali ndi manambala kaya alibe, musayambe kuwoloka nthawi itatsala pang'ono. Dikirani magalimoto aimiretu, yang'anani njinga zamoto zodutsa m'mbali, ndipo mwana mumugwire pamkono mpaka mutafika tsidya linalo.